Funsani Malume: mafuta a galimoto olimidwa m'munda

Mwezi uno makalata ambiri agwera pa nkhani imodzi, ya kupanga mafuta ndi magetsi kuchokera ku mbewu zakumunda, chimanga, nzimbe, soya ndi zina zotero. Ndasankhapo angapo, ena ndawadula pang'ono chifukwa cha malo, amene makalata anu sanatuluke mundikhululukire.

Malume, ine ndimaphunzira za ulimi ku koleji, nde m'kalasi anatiuza kuti ethanol, mowa wotchezedwa ku mbewu wosakaniza mu petulo, ndi biodiesel, dizilo wopangidwa ku mafuta a mbewu, ndi mafuta abwino ku chilengedwe chifukwa mpweya wa carbon dioxide umene umatuluka ku ekizozi ndi womwe uja mbewu inakoka ikamakula, ndekuti palibe chowonjezera mumlengalenga. Ine zinandimvekera bwinobwino. Koma pa intaneti ndikuona anthu akukalipa kuti mafutawa ndi oipa kuposa petulo amene. Akunama ndani apa?
Tiyamike, wophunzira

Mphwanga, aphunzitsi ako sananame, kungoti anakuuza theka la nkhani basi. Zoona mbewu imakoka carbon dioxide ikamakula, ukawotcha mafuta ake ukubweza womwewo. Koma chimanga sichinyamuka chokha m'munda kukalowa mu thanki ya galimoto. Munda ulimidwe ndi thirakitala yomwa dizilo, feteleza apangidwe ndipo feteleza wa nitrogen amadya gasi wapansi panthaka wambiri zedi pomupanga, mbewu ikwere lole kupita ku fakitale, kumeneko aifulule kenako aitcheze mpaka madzi achoke, ndipo kutchezako kumafuna moto waukulu umene ku America nthawi zambiri ndi wa gasi, kale ena ankasonkhezera malasha. Utsi wonsewu mbewu sinakokepo, ndi wowonjezera ndithu.

Pali mpweya winanso umene anthu amauiwala. Ukathira feteleza, gawo lina tizilombo ta m'dothi timalisandutsa nitrous oxide, ndipo kilogalamu imodzi ya mpweya umenewu imatenthetsa dziko kuposa ka 270 poyerekeza ndi kilogalamu ya carbon dioxide, tikawerengera pa zaka 100. Paul Crutzen, katswiri uja anapata mphoto ya Nobel mu 1995 pa kafukufuku wa ozone, mpweya wa kumwamba wotchinga cheza choopsa cha dzuwa, iye ndi anzake anachenjeza mu 2007 kuti pa mbewu zokonda feteleza ngati chimanga ndi rapeseed, mbewu yofinyamo mafuta, nitrous oxide yekhayu akhoza kudya phindu lonse limene timati tapeza posiya petulo.

Nde mbewu zimasiyana, usaziike mu thumba limodzi. Chimanga cha ku America mphamvu imene umapeza mu ethanol imangowirikiza mwina kawiri imene walowetsa, mafakitale akale sankafikanso pamenepo. Nzimbe za ku Brazil zimabweza pafupifupi ka 8, chifukwa fakitale imadziwotchera yokha zotsala akafinya nzimbe zija, sigula gasi.

Koma chachikulu chenicheni, chimene ndikufuna uchigwire ngakhale uiwale zina zonsezi, ndi malo. Pamene pali mbewuyo panali chani kale? Nkhalango, udzu wachilengedwe ndi dothi losagalauzidwa zimasunga kaboni wambiri, ukadula, kuwotcha ndi kugalauza kaboni ameneyu amathawira mumlengalenga ngati carbon dioxide nthawi yochepa, pamene phindu la mafuta ako limabwera pang'onopang'ono chaka ndi chaka. Akatswiri amati imeneyi ndi ngongole ya kaboni. Mu 2008 Joseph Fargione ndi anzake anawerengera zaka zimene zingatenge kuti ngongoleyi ibwezedwe, zotsatira zake zinatuluka mu magazini ya sayansi ya Science. Kugalauza udzu wachilengedwe wa ku America kuti ulime chimanga cha ethanol, zaka 93. Kudula nkhalango ya Amazon kuti ulime soya wa biodiesel, zaka 319. Kuumitsa madambo a ku Indonesia ndi Malaysia okhala ndi peat, dothi la zomera zakale zosawola bwino, kuti ubzale kanjedza wa mafuta, zaka 423. Nzimbe m'tchire la Cerrado ku Brazil, zaka 17. Taganiza, zaka 423, pamene vuto la kusintha kwa nyengo tikulimbana nalo panopa. Pa munda woti unasiyidwa kalekale n'kubzalamo udzu wosatha ngongole yake anapeza kuti ndi yochepa kwambiri mwinanso palibe. Ukabwerera m'kalasi ukawafunse aphunzitsi funso limenelo la malo, akayankha bwino ndikhulupirira.

Malume, ine ndi mlimi ndipo ndikuona ngati mumatinamizira. Ine ndikagulitsa chimanga changa ku fakitale ya ethanol sindinadule mtengo olo umodzi, munda ndi womwe uja ndinaupeza. Nde nkhalango ikubwera bwanji pa nkhani yanga?
Bambo Gondwe

Bambo, inuyo simunalakwe chilichonse ndipo mlimi kugulitsa kumene kuli mtengo wabwino ndi ufulu wake. Vuto lili pa msika wonse osati pa munda wanu. Chimanga chanucho chaka chatha chinadyedwa ndi anthu kapena nkhuku ndi nkhumba, chaka chino chapita mu thanki, koma anthu aja ndi ziweto zija sanasiye kudya. Alimi ambirimbiri akachita ngati inu mtengo umakwera, mtengo ukakwera munthu wina kwinakwake, mwina kutsidya kwa nyanja kumene inu simunafikeko, amaona kuti kutsegula mphanje kuli ndi phindu tsopano, nde amalowa m'nkhalango ndi nkhwangwa kapena chimakina. Mtengo wagwa ndithu ngakhale nkhwangwa sinali m'manja mwanu.

Timothy Searchinger ndi amene anaitchukitsa mfundo imeneyi, nayenso mu 2008 mu Science momwemo, anawerengera kuti tikaphatikiza minda yatsopano yotereyi ethanol wa chimanga amatulutsa mpweya woipa pafupifupi kuwirikiza kawiri wa petulo pa zaka 30. Makampani a ethanol anakana kwamtuwagalu, ndipo ndinene mosabisa kuti chinthu chimenechi ndi chovuta kuyeza, sungaloze mtengo umodzi n'kunena kuti uwu wagwa chifukwa cha fakitale yakuti, amagwiritsa ntchito masamu a pa kompyuta ndipo masamuwo amasiyana kutengera zimene walowetsamo. Mpaka lero mkangano ulipo. Kafukufuku wothandizidwa ndi unduna wa za ulimi ku America amati ethanol wa chimanga amachepetsa mpweya woipa ndi pafupifupi 40 peresenti, pamene Tyler Lark ndi anzake mu 2022, atayang'ana minda imene inatsegulidwadi chikhazikitsireni lamulo la ku America lokakamiza kusakaniza ethanol mu petulo, anapeza kuti sapambana petulo ndipo mwina amamuposa kuipa ndi 24 peresenti. Ine ndimatsamira kwa amene amawerengera malo, chifukwa kunena kuti chiwerengero ndi chovuta kupeza sikutanthauza kuti ndi ziro.

Maboma enanso anafika povomereza. European Union mu 2009 inalamula kuti pofika 2020 magawo 10 pa 100 a mphamvu zoyendetsera magalimoto azichokera ku zinthu zosatha, ndipo mafuta a kanjedza anayamba kukhamukira mu dizilo wa ku Ulaya. Mu 2015 anabwerera m'mbuyo n'kuika malire a 7 peresenti pa mafuta ochokera ku mbewu zodyedwa, mu 2019 anati mafuta a kanjedza ali ndi chiopsezo chachikulu chogwetsa nkhalango nde pofika 2030 asamawerengedwenso ngati mafuta abwino. Indonesia ndi Malaysia anakwiya mpaka kukadandaula ku World Trade Organization, bungwe loona za malonda pakati pa mayiko, ndipo Indonesia kwawo inangopitiriza kuwonjezera, dizilo wawo anafika 30 peresenti ya biodiesel mu 2020 ndi 35 mu 2023. Kunena chilungamo mafuta ambiri a kanjedza amapita ku zakudya ndi sopo osati ku magalimoto, koma moto wa mu 2015 umene unapsereza mahekitala oposa 2 miliyoni ku Indonesia, wina pa madambo a peat oumitsidwa aja, unaonetsa dziko lonse chimene chimachitika anthu akamalimbirana malo otere. Peat ikagwira moto imanyeka pansi panthaka kwa masabata, kuzimitsa kwake ndi ntchito yaikulu.

Malume ine funso langa ndi lalifupi. Si tchimo kodi kuthira chakudya mu galimoto anthu akugona ndi njala?
Mayi Nabanda

Mayi, mtima wanu ndaumva ndipo simuli nokha. Mu 2007 Jean Ziegler, amene nthawi imeneyo anali nthumwi ya United Nations yoona za ufulu wa chakudya, ananena poyera kuti kusandutsa minda ya chakudya kukhala ya mafuta ndi mlandu wolakwira mtundu wa anthu, ndipo anapempha kuti ziyambe zaimitsidwa kwa zaka 5. Masamu ake ndi osavuta. Tani imodzi ya chimanga imatulutsa malita pafupifupi 400 a ethanol, ndekuti thanki ya malita 100 ya chigalimoto chachikulu imameza makilogalamu pafupifupi 250, chakudya choti munthu mmodzi chikhoza kumufikitsa pafupifupi chaka chathunthu. Komanso lita ya ethanol ili ndi mphamvu magawo awiri okha mwa atatu a lita ya petulo, nde thankiyo sikufikitsani kutali ngati ya petulo.

Mu January 2007 anthu ku Mexico anachita zionetsero mtengo wa tortilla, chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku chopangidwa ndi chimanga, utakwera modetsa nkhawa, ndipo 2007 mpaka 2008 mitengo ya zakudya inakwera dziko lonse. Kodi anali mafuta a mbewu okha? Ayi. Mafuta apansi panthaka anafika madola 147 pa mgolo mu July 2008 zimene zinakweza feteleza ndi mayendedwe, ku Australia kunali chilala, India ndi Vietnam anatseka malonda a mpunga kunja. Katswiri wina wa World Bank, Donald Mitchell, anati gawo lalikulu la kukweraku linachokera ku mafuta a mbewu, ena anapeza gawo locheperapo, koma palibe wanzeru amene anati sanakhudzepo konse.

A mbali inayo ali ndi mfundo ziwiri zimene sitingazitaye. Yoyamba, chimanga chikatchezedwa sichitha chonse, wowuma yekha ndi amene amasanduka ethanol, pafupifupi gawo limodzi mwa atatu limatsala ngati chakudya cha ziweto chokhala ndi mapuloteni ambiri. Yachiwiri, njala nthawi zambiri imabwera chifukwa munthu alibe ndalama yogulira osati chifukwa dziko lonse lilibe chakudya, ndipo mlimi wogulitsa amapindula mtengo ukakwera. Zoona zimenezo. Koma osauka ambiri, ngakhale alimi ang'onoang'ono amene, amagula chakudya chochuluka kuposa chimene amagulitsa, nde mtengo ukakwera iwo ndi amene amayamba kuchepetsa mbale.

Chimene chimandipweteka kwambiri ine ndi lamulo louma. Boma likalamula kuti malita akutiakuti a ethanol asakanizidwe chaka chilichonse zivute zitani, fakitale imagula chimanga olo chikwere bwanji, nde chaka cha chilala amene amagonja ndi wogula chakudya. Mu 2012 America itagwidwa ndi chilala choopsa José Graziano da Silva, amene nthawi imeneyo anali mkulu wa FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, anapempha boma la America kuti lamulolo aliimitse kaye. Anakana.

Malume, zaka zapitazo kunali phokoso la jatropha, ankati imamera pa malo ouma osafuna feteleza osafuna madzi ndipo sidyedwa nde silimbana ndi chakudya. Zinathera pati kodi? Ine ndimaona ngati ija inali yankho.
Achimwene anu Yohane

Achimwene, zinathera pa manyazi, ndipo nkhani yake ndi yofunika chifukwa malonjezo omwe aja amabwerabe atavala dzina la mbewu ina. Jatropha imapiriradi pa malo ouma, sifa. Koma kusafa ndi kubereka ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pa dothi loguga mtengowo umangokhala uli chiimire, njere zochepa, mafuta ochepa, kuti ubereke zoti munthu apindule umafuna dothi labwino, madzi ndi manyowa, ndekuti malo omwe aja a chakudya. Anaithamangira isanawetedwe n'komwe, inali mbewu yakutchire yoti mtengo uwu ukubereka bwino winawu ayi, zipatso zake sizipsa nthawi imodzi nde umathyola ndi manja maulendo ambirimbiri, ndipo zotsala ukafinya mafuta zili ndi poizoni sungapatse ziweto ngati umachitira ndi za soya.

India inakonza pulani yaikulu ya jatropha mu 2003 yofuna mahekitala mamiliyoni, siinaphule kanthu. Kampani ya mafuta ya BP inalowa mgwirizano ndi kampani ya D1 Oils mu 2007, pofika 2009 inatulukamo. Ku Tanzania, m'boma la Kisarawe, kampani ya ku Britain ya Sun Biofuels inatenga mahekitala pafupifupi 8,000 a midzi yozungulira, mu 2011 inagwa, antchito anachotsedwa, ndipo anthu a m'midzimo anatsala opanda ntchito komanso malo aja sanabwerere m'manja mwawo msanga chifukwa anali atasinthidwa kale umwini.

Mawu oti malo opanda ntchito ndimawaopa kwambiri. Munthu wa mu ofesi akayang'ana mapu amaona tchire lopanda kanthu, koma pamenepo ndi pamene anthu amadyetsa ziweto, kutola nkhuni, kutchera madzi, kupeza mankhwala ndi zipatso, pena ndi munda umene augoneka kuti ubwerere chonde. Ndipo tchirelo lili ndi zamoyo zake ndi kaboni wake. Jatropha ngati mpanda wa munda, njere zake n'kumapangira sopo kapena mafuta a nyale pakhomo, palibe vuto. Kugwa kunabwera pofuna kuisandutsa chitsime cha dizilo.

Mesa ku Brazil zikuyenda bwino Malume? Bwanji mayiko ena osangotengera?
Chikondi

Zikuyendadi kusiyana ndi kwina konse, Chikondi, ndipo amene amati mafuta onse a mbewu ndi oipa amalakwitsa akafika pa Brazil. Anayamba mu 1975 ndi pulogalamu ya Proálcool mafuta atakwera mtengo mu 1973, mu 2003 kunabwera magalimoto oti umathira petulo kapena ethanol kapena kusakaniza mmene wafunira, ndipo mu 2015 petulo wawo wamba anafika pa 27 peresenti ya ethanol. Nzimbe ndi mbewu yamphamvu, hekitala imodzi imapereka malita 6,000 mpaka 7,000 pamene chimanga chimapereka cha m'ma 4,000, ukabzala kamodzi umadula zaka 5 kapena 6 isanafune kubzalanso nde dothi siligalauzidwa chaka ndi chaka, zotsala pofinya zimayendetsa fakitale mpaka magetsi ena kugulitsa.

Koma nazonso zili ndi zipsera. Kwa zaka zambiri ankawotcha minda asanadule, utsi ndi phulusa n'kumadwalitsa anthu zifuwa m'matauni oyandikira, odula nzimbe ndi zikwanje n'kumagwira ntchito yakalavulagaga. Boma la São Paulo linakhazikitsa lamulo mu 2002 lothetsa kuwotchaku pang'onopang'ono ndipo pano zambiri amadula ndi makina, mpweya unayera koma anthu ambiri ntchito inawathera. Palinso madzi onunkha otsala potcheza, amawatcha vinasse, lita imodzi ya ethanol imasiya malita 10 mpaka 15, akathiridwa m'munda mwa muyezo ndi manyowa abwino a potaziyamu koma akalowa mu mtsinje amapha nsomba chifukwa amamaliza mpweya wa m'madzi. Nzimbe zambiri zili kutali ndi Amazon, zimalowa m'malo odyetsera ng'ombe, funso n'kumakhala loti nanga ng'ombezo zasamukira kuti. Mu 2009 analetsa kubzala nzimbe ku Amazon ndi ku madambo a Pantanal, mu 2019 chiletsocho chinachotsedwa.

Zongotengera zija nde zovuta. Brazil ili ndi malo aakulu komanso mvula yokwanira moti nzimbe zambiri sathirira. Nzimbe imamwa madzi mamilimita 1,500 mpaka 2,500 pa nyengo imodzi, ukaipititsa kumalo kouma ngati Maharashtra ku India imalimbirana madzi a m'madamu ndi a pansi panthaka ndi anthu komanso mbewu zina. Mbewu yomweyo, fakitale yomweyo, zotsatira zosiyana kutalitali.

Malume, nanga tikamagwiritsa ntchito zinyalala zokha, mapesi, zitsononkho, makoko a mpunga, ndowe? Pamenepo palibe amene akulandidwa chakudya eti?
Mayi Phiri, mlangizi wa zaulimi

Mayi, apa nde mwafika pamene ine ndimaona tsogolo, koma inu monga mlangizi mukudziwa kuposa ine kuti mapesi si zinyalala. Akatsala m'munda amaphimba dothi kuti mvula isalikokolole, amasunga chinyontho, akawola amadyetsa nyongolotsi ndi tizilombo tija timapanga chonde, ndipo kaboni wake wina amakhazikika m'dothi. Mukawasesa onse chaka ndi chaka kupita nawo ku fakitale dothi limayamba kuguga, mumafuna feteleza wochuluka, ndipo kaboni amene munati mwapulumutsa ku ekizozi mwamutaya ku dothi. Pa munda wachonde wobereka kwambiri komanso wosatsetsereka mukhoza kuchotsako gawo lina popanda vuto, pa munda wotsetsereka kapena woguga kale musachotse olo phesi limodzi. Komanso kumene kuli ziweto mapesiwo ali kale ndi eni ake.

Zimene zili bwino kwambiri ndi zotsala zimene zaunjikana kale pamalo amodzi, zotsala pofinya nzimbe, molasses wotsala popanga shuga, makoko a mpunga pa chigayo, zikamba za mtedza, utuchi, mafuta ophikira ogwiritsidwa kale ntchito. Izi sizifuna munda watsopano olo lole yozitolera m'minda. Mauritius yakhala ikupanga gawo la magetsi ake kuchokera ku zotsala za nzimbe kwa zaka zambiri. Ndowe nazo zikaikidwa mu thanki ya biogas, momwe zimawolera n'kutulutsa gasi woyaka, mumapindula kawiri, mumagwira gasi wa methane amene akanathawira mumlengalenga pa dzala, n'kuphikira kapena kupangira magetsi, ndipo phala lotsalalo limabwerera kumunda ngati manyowa. Chofunika ndi kusamala kuti thanki ndi mapaipi zisamadonthe, chifukwa methane amatenthetsa dziko pafupifupi ka 80 kuposa carbon dioxide pa zaka 20 zoyambirira, kudontha pang'ono chabe kumafafaniza phindu.

Onani zimene zinachitika ku Germany. Biogas inayamba ngati njira yogwiritsa ntchito ndowe, kenako mu 2004 boma linaika ndalama yapadera kwa opanga magetsi kuchokera ku mbewu zolimidwira zomwezo, alimi anaona kuti chimanga chosaumitsa chimatulutsa gasi wambiri kuposa ndowe, nde posakhalitsa mathanki anafika cha m'ma 9,000 ndipo chimanga cholimidwira gasi chokha chinadzaza mahekitala pafupifupi 1 miliyoni, madera ena chimanga chokhachokha kulikonse, malo a udzu kugalauzidwa, mbalame zakumunda kuchepa, lendi ya minda kukwera. Mu 2012 anachita kuika malire a kuchuluka kwa chimanga chololedwa mu thanki. Chinthu chabwino chinapotoka chifukwa cha mmene ndalama anaikonzera.

Zosandutsa mapesi kukhala ethanol nazo zakhala zovuta kusiyana ndi mmene ankalonjezera. Shuga wa mu phesi ndi womangika mwamphamvu, kumumasula kumafuna kutentha, mankhwala ndi ma enzyme odula, ndipo mapesi amabwera ndi mchenga umene umawononga makina. Lamulo la ku America la 2007 linkayembekezera magaloni 16 biliyoni a mafuta otere pofika 2022, zimene zinapezeka ndi kadontho chabe. Fakitale ya DuPont ku Nevada m'chigawo cha Iowa inatsegulidwa mu 2015 n'kutsekedwa mu 2017, ya POET-DSM ku Emmetsburg inatsegulidwa mu 2014 n'kuima mu 2019. Ku Brazil kampani ya Raízen ikupitirizabe ndi zotsala za nzimbe, mwina chifukwa zopangira zake zili kale pakhomo pa fakitale.

Malume mwatiuza zambiri m'magazini apitawa za kusintha kwa nyengo, nde tiuzeni maganizo anu enieni, mafuta a mbewu angalowe m'malo mwa petulo ndi dizilo kapena ayi?
Bambo Mwale

Ayi bambo, sangathe, ndipo chifukwa chake ndi dzuwa ndi tsamba. Mbewu m'munda, tikawerengera chaka chonse, imasunga mphamvu ya dzuwa yosakwana 1 peresenti nthawi zambiri, kenako pochoka pa mbewu kufika pa mafuta ina imatayika, injini nayo imataya yambiri ngati kutentha. Sola imagwira pafupifupi 20 peresenti. Ndekuti hekitala ya masola imapereka mphamvu kuposa ka 30 poyerekeza ndi hekitala ya chimanga cha ethanol, ndipo ikayendetsa galimoto ya magetsi kusiyanako kumakulirakulira, komanso sola mukhoza kuiika padenga kapena pamiyala pamene sipamera kanthu. America imapereka kuposa gawo limodzi mwa atatu la chimanga chake chonse ku ethanol, dziko lolima chimanga chochuluka kuposa lina lililonse, koma zonsezo zimangokwana pafupifupi 10 peresenti ya petulo wawo. Pa dziko lonse mafuta a mbewu ndi cha m'ma 4 peresenti ya mphamvu zoyendetsera magalimoto, ndege ndi sitima. Kuti tifike olo theka minda yake tikaitenga kuti? Ndipo sindinanene za feteleza wa m'minda ya chimanga amene amatsika ndi mtsinje wa Mississippi n'kukapanga dera lopanda mpweya m'nyanja ya Gulf of Mexico chaka chilichonse, nsomba kuthawa kapena kufa.

Ntchito yake ilipo koma ndi yaing'ono ndipo tiyenera kuisankha bwino. Ndege zouluka mtunda wautali sizingayende ndi mabatire pakali pano, sitima zapamadzi zikuluzikulu chimodzimodzi, nde mafuta ochepa amene tingapeze kuchokera ku zotsala ndi bwino apite kumeneko kusiyana ndi kumathera mu magalimoto ang'onoang'ono amene magetsi akhoza kuyendetsa. Dziko lopanda mafuta ake, loti lili kale ndi mafakitale a shuga, kutcheza molasses n'kusakaniza mu petulo ndi nzeru ndithu chifukwa limasunga ndalama zakunja popanda kutsegula munda wina. Ethanol wophikira m'malo mwa makala ndi nkhuni nayenso ndimamuvomereza, utsi wa m'khitchini umapha anthu mamiliyoni chaka chilichonse ndipo makala akumaliza nkhalango.

Ndikanakhala ine wolemba malamulo, sindikanalola mbewu yolimidwa pa nkhalango, dambo kapena udzu wachilengedwe wogalauzidwa kumene kuti iwerengedwe ngati mafuta abwino, ndikanafuna kuti aliyense wogulitsa aonetse kumene mbewu yake yachokera, ndipo lamulo losakaniza ndikanalisiyira khomo loti chaka cha chilala lizitsika lokha chimanga chipite kwa anthu. Pa mafuta ophikira akale paja pafunikanso maso, chifukwa ku Ulaya atangowaika pa mtengo wabwino kunayamba kumveka madandaulo oti ena akutumiza mafuta a kanjedza atsopano atawalemba kuti ndi ogwiritsidwa kale ntchito, ndipo oyendera akuvutika kusiyanitsa awiriwa akasakanizidwa.